Mmodzi Yekha Apite

Kunja chipale chofewa chakwirira magalimoto a Ajeremani
pabwalo la kasino ya ku Rozvadov,
nkhalango ya m'malire yada bii.
Muno mulibe zenera, mulibe wotchi.
Tatsala anthu khumi ndi atatu
koma ndalama zikudikira mayina khumi ndi awiri.
Mmodzi abwerera ndi jekete lake basi.

Patebulo pathu tilipo anayi,
mipando inayo yasanduka magweru.
Msonkho wa masewera ukuzungulira msangamsanga:
usanameze malovu wakupeza,
wabudula mulu wako, wapita,
uwo ukubweranso.

Chaka chatha ndinali pompano,
ine Bohuslav, wokhoma madenga wa ku Plzeň,
amene ndimayenda pansonga ya nyumba zosanja ndikuimba mluzu.
Ndinakhalira manja.
Ndinadikira makhadi abwino
monga wodikira basi imene inasiya kalekale kudutsa msewu umenewo.
Tindalama tanga tadongo tinapita kamodzikamodzi
mpaka ndinatuluka wa khumi ndi chitatu,
osagwetsedwa ndi munthu,
kungotha ngati sopo.

Lero ndikuona zimene sindinaone.
Radomír wasiya kusuzumira makhadi ake,
khosi lapotokera kutebulo lachitatu
kumene akuwerenga kamulu ka mnyamata wa chipewa chofiira,
kumupempherera imfa mwaulemu.
Mayi Ilse a ku Regensburg, amene ankagulitsa mankhwala,
asanja tindalama tawo kasanu konse
ngati kusanja kumabereka.
Zdeněk akumwa madzi alibe ludzu.

Mantha awo ndi munda wocha wopanda mlonda.

Seveni ndi folo, mitundu yosiyana, zinyalala zenizeni.
Ndakweza.
Radomír wataya. Mayi Ilse ataya.
Zdeněk wausa moyo, wataya.
Wogawa makhadi wakankhira mulu kwa ine
osafunsa chimene ndinali nacho.
Jeki ndi thuu, ndakweza.
Naini ndi faifi, ndakwezanso, nkhope ili gwa ngati njerwa.
Pagulu la anayi wodikira mafumu amagona ndi njala,
ndipo khadi lonyozeka likalankhula
labwino losalankhula limapatuka.
Koma pansi pa tebulo bondo langa likuvina lokha,
ndalipanikiza ndi dzanja kuti lisandiulule.

Kachisanu ndi chiwiri Mayi Ilse sanataye.
Anavula magalasi, nawapukuta ndi mpango, nawavalanso,
kenaka ndi manja awiri, monga wotseka kabati madzulo,
anakankhira zonse pakati.

Zii.

Ndinali ndi kwini ndi teni.
Si zonyozeka, si zofera.
Ndinawerenga mulu wawo, ndinawerenga wanga,
ndinaona kuti ndikaphonya apa
ndatsetsereka mpaka chaka chatha.
Mtsempha wa pakhosi pawo sunandiuze kanthu.
Ndinataya.

Iwo anatembenuza makhadi popanda wowapempha:
eyiti ndi firii.
"Bambo a madenga," anatero m'Chijeremani chofatsa,
"makwerero mwaimikawo enafenso tawaona."

Ndisanapeze choyankha, mpando unakwekwerezeka kutebulo lachitatu.
Mnyamata wa chipewa chofiira waimirira,
ma esi ake awiri ali chagada pansalu yobiriwira.
Anawadikira maola awiri,
afika mochedwa, ndipo amupereka.
Anthu khumi ndi awiri tinaomba m'manja,
Radomír anakumbatira munthu wosamudziwa ndi dzina lomwe.
Ine ndinaomba kawiri n'kuleka.
Ndimalidziwa khonde lija, kutalika kwake mpaka pakhomo,
ndi mmene kiyi amakanira kulowa
m'chitseko cha galimoto yozizira.

Wogawa akusakaniza makhadi.
Mapewa a anthu atsika, mantha aphwa,
munda uja wapeza alonda.
Mayi Ilse akundiyang'ana pamwamba pa magalasi,
chala chimodzi chikugogoda mulu wawo watsopano.
Msonkho wafika pa ine.