Chimene Abale Anasiya

Maliro atatha, alamu anga anabwera ndi lole.
Anatenga fuliji, mipando, jenereta,
ngakhale njinga yopanda tcheni ya kuseri kwa bafa.
Atafika pa thanki yagalasi pabalaza, anaima.
Mkunga unatulutsa mutu m'paipi yake,
kukamwa yasa, mano ngati singano za telala.
A Chikakwiya anabwerera chambuyo, napunthwa pa mkeka:
"Ichi n'chanu, mlamu. Ife za njoka ayi."

Ndiye ndinatsala nacho,
chinsomba chotalika kuposa mkono wanga,
chamawangamawanga ngati chitenje chosuluka.
Lingisoni anabwera nacho kuchokera ku Nacala
m'chigubu, kuseri kwa mpando wa thiraki,
chikadali ngati chala.
Ndinamufunsa tsikulo:
kodi m'nyumba muno mwachepa pakamwa podyetsa?
Anangoseka, n'kupempha madzi osamba.

Nyanja yamchere sindinaionepo.
Ndimaipanga ndekha Loweruka m'mawa
m'ndowa ziwiri, kuno ku Area 25:
madzi ogonetsa usiku wonse,
mchere wa m'thumba lochokera ku Joni,
osati wathu uja wa m'ndiwo, anandichenjeza kangapo.
Muyeso wake analemba ndi bolopeni kuseri kwa chitseko.
Sikisi wake wopendekera uja akadali pomwepo.

Umadya ngati mlendo wosafunsa mitengo.
Usipa ayi, matemba ayi,
koma kalapau wouma gwa ndi chisanu,
amene ndimasungitsa m'fuliji ya amake Tiyese
n'kumapirira mafunso awo.
Tinsomba tiwiri tachikasu
timene Lingisoni anagula kuti uzicheza nato
tinagona usiku umodzi wokha.
M'mawa kunali mamba atatu pa mchenga
ndi mimba yotupa m'paipi.

Pa chivundikiro pali njerwa zinayi.
Usiku wina tinaupeza pa simenti,
ukukwawira kukhomo, fumbi thupi lonse.
Kum'mawa n'kumeneko, iye anatero,
ukudziwa njira.

Magetsi akazima, chimandidzutsa ndi bata.
Pampu yaleka kung'ung'udza.
Ndimafufuza jagi mumdima,
kutunga, kukweza dzanja, kukhuthula,
kutunga, kukweza, kukhuthula,
kuti mpweya ulowe m'madzi.
Phewa limayaka moto.
Nthawi zina mpaka anyamata a minibasi
atayamba kukuwa "Tauni! Tauni!" pamsewu.
Mu Okutobala, malata akamalira ndi dzuwa,
ndimayandamitsa mabotolo a ayisi,
ine thukuta kamukamu.

Kutchalitchi amanong'ona kuti ndikuweta chizimba.
Chikanakhala chizimba bwenzi lendi ndikulipira pa nthawi yake.

Bambo wina wa ku Area 43 anabwera pa galimoto yoyera,
anagwada, nayang'ana nthawi yaitali,
natchula ndalama yokwana fizi ya Ndaziona chaka chonse.
Ndinati ndiganize kaye.
Waimba kanayi.
Foni imanjenjemera pa tebulo mpaka kutopa yokha.

Sikuti umandikonda.
Maso ake ndi ofooka, umangodziwa fungo la chakudya.
Chipsera chili pa chala changa chachikulu ndi umboni:
masitichi atatu ku Central,
namwino osakhulupirira zimene ndinkamuuza.
Tsiku lonse umangotsegula pakamwa n'kutseka,
kutsegula, kutseka,
ngati munthu wobwera ndi uthenga wa pa msewu wa ku Tete
amene akusowa poyambira.
Ndikudziwa, n'kupuma chabe.
Komabe ndimakokera chitini pafupi, n'kukhala.

M'mphepete mwa galasi mumauma mchere woyera.
Dzulo popukuta ndinanyambita chala.
Khosi lake linkamveka choncho
akangotsika m'thiraki, asanasambe.

Thumba latsala pang'ono kufika theka.
Ndikayesa bwino, osataya,
mwina tifika nalo mu Malichi.