Bambo Akuzizidwa

Anabwera kumaloto mwezi wa Juni
atavala chipewa chawo chamlaza chija,
osapereka moni, osandikalipira,
anangoti: Tsiry, nsalu yanga yatha, ndikuzizidwa.
Ndinadzidzimuka m'kachipinda kanga kalendi ku Antananarivo
makiyi a minibasi ali m'manja.
Sindikudziwa kuti ndinawatola nthawi yanji.

Kwathu ku Fandriana palibe anadabwa.
Azakhali a Razanamalala anati nawonso analota,
koma azakhaliwo amalota chilichonse
chimene wina wayamba kale kulota.
Wosankha masiku anatipatsa Lachisanu la mu Ogasiti.
Tinagulitsa ng'ombe ya nyanga yopindika,
ine ndinakongola kwa mwini galimoto,
nkhumba ziwiri zinagona, mpunga unasambira m'mafuta,
mudzi unadya mpaka agalu anakana mafupa.

Mwala wa pakhomo pa manda unayamba wakana.
Amuna asanu, chitsulo, thukuta,
kenaka unalola.
Malipenga anasweka, ng'oma zinayankha.
M'katimo agona mosanjikizana pa mashelefu amiyala,
agogo a agogo, amalume amene anamira,
mlongo wanga Lalao amene anapita mano asanamere.
Anawaitana maina mmodzimmodzi
ndipo mmodzimmodzi anatulukira padzuwa.

Bambo anawapereka kwa ine.
Munthu amene ankakwera phiri ndi matumba awiri a mpunga
lero akupepuka ngati mtolo wa udzu wofolera.
Ndinakhala pansi, ndinawagoneka pamiyendo panga
m'mphasa yatsopano.
Pano salira, anatero azakhali,
ukufuna uwanyowetsere nsalu?
Ndiye ndinayankhula.

Ndinati: Bambo, pa maliro anu sindinabwere.
Ndinauza anthu kuti mlatho unakokoloka.
Mlatho unali bwinobwino.
Unali mkwiyo wa dimba lija la kumtsinje
limene munapatsa Hery.
Hery ali apa, wagwira botolo la kachasu wanu,
akuyang'ana kumbali ngati sakumva.

Ndinati: ndinakwatira.
Ndi uyo wavala zobiriwira, dzina lake Fenosoa.
Zaka zinayi tsopano, kumsana kwake kulibe kanthu.
Inu muli pafupi ndi kumene ana amachokera,
tiyankhulireniko.
Padenga tinakhoma malata. Mtengo wa mapichesi unauma.
Mafuta a galimoto akwera, Bambo, simungakhulupirire.

Sanayankhe.
Ngakhale ali moyo sankayankha tsiku lomwelo.

Tinawakulunga m'silika woyera, wa ngongole yanga,
pamwamba pa nsalu yakale, osaichotsa.
Ine kumutu, Hery kumiyendo,
pomanga mfundo zala zathu zinagundana
koyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri.
Iye anadontheza kachasu, ine ndinalemba dzina pansaluyo
kuti adzukulu asadzawasokoneze ndi amalume.

Kenaka pamapewa!
Bambo amene sankavina ngakhale pa ukwati
anavina lero, fumbi lofiira kobo,
kuzungulira manda kasanu ndi kawiri,
lipenga likuphonya nyimbo, ana akukuwa,
azakhali akuseka chipewa chili pansi.
Ndinaona Fenosoa akung'amba kachidutswa ka mphasa ija
nabisa pachifuwa, kokaika kunsi kwa matiresi.
Ndinayang'ana kwina.

Dzuwa litapendeka tinawabweza,
pakuti usiku si wathu.
Pokweza Bambo pamalo pawo
ndinaona pambali pawo danga,
lalitali ngati ine, losesedwa kale.
Sindinachite mantha kwenikweni.
Ndinangoliyeza ndi maso
monga ndimayezera mpando wotsala m'minibasi.

Tinamata mwala ndi dothi.

Lolemba ndinali pamsewu wa Antsirabe,
anthu khumi ndi asanu ndi atatu, nkhuku padenga,
phewa lakumanja likuwawa
pamene panakhala munthu wosalemera.
Mayi wina kumbuyo anati nditseke windo, kukuzizira.
Ndinatseka msanga.