Ofesi ya Pansi pa Masitepe

Ofesi yanga kuno ku Butte ili pansi pa masitepe,
zenera lake limangoona nsapato za anthu.
Nthawi yachisanu ndimadziwa amene akubwera
poona mmene chipale chakakamirira ku jombo.

Ndili ndi ana mazana anayi ndi khumi ndi awiri.
Sindinabereke ndi mmodzi yemwe.
Ali m'kompyuta, aliyense ndi mzere wake:
wakhoza izi, watsala ndi izo,
ngongole yafika apa.

Delaney Petrovich anabwera Lachiwiri,
thumba la jekete litalendewera ndi mwala.
"Pulofesa Lindqvist akuti ndisiye zowerengera ndalama,
ndiphunzire za miyala."
Maso ali gwa, ngati woona moto kuphiri usiku.

Ndinatsegula mzere wake, ndikuwerenga chamumtima.
Chaka china chathunthu.
Thandizo la fizi likutha mu Meyi.
Bambo ake amayendetsa lole kumgodi wa mkuwa,
msana unayamba kale kuwakana.
Ndinamuuza zonse, osapsatira.
Iye ankangotembenuza mwala uja m'manja.

Lindqvist ndimam'dziwa ine.
Sayankha makalata, fomu amasaina pamalo olakwika.
Chaka chatha anauza mnyamata wina
kuti phunziro la kalembedwe lingadikire.
Mnyamatayo sanavale nawo mkanjo,
mayi ake atagula kale tikiti ya ndege.
Kansalu kopukutira misozi anakatenga kwa ine.

Komatu tsiku lina nditakwera kukasainitsa,
ndinam'peza atagwada pansi ndi ophunzira atatu,
akunyambita mwala kuti audziwe dzina.
Sanaone kuti ndaima pakhomo.
Nanenso ndinaiwala chimene ndinadzera.
Chiyambire ntchito, palibe mwana
amene anatuluka mwanga nkhope ikuyaka choncho.

Usiku umenewo ndinakhala mpaka mlonda anagogoda,
ndikusuntha maphunziro ngati njerwa:
ili lipite m'chilimwe, ili liwerengedwe kawiri,
masamu aja asapite pachabe.
Kampata kanapezeka, kopapatiza,
kolowa cham'mbali, mpweya utaugwira.
M'mawa ndinakwera masitepe ndi pepala.
"Sainani apa. Ayi, bambo, apa."
Anandifunsa dzina langa kachitatu chaka chimenecho.
"Rautio," ndinatero. "Wapansi."

Tsiku la mwambo iye anali kutsogolo,
mkanjo wakuda, chipewa chopendekeka,
Delaney akumukumbatira, makamera ali ng'ani ng'ani.
Ine ndinali kukhomo, ndikugawa mapepala a ndondomeko,
ndikulozera agogo a anthu kumene kuli chimbudzi.
Sindinganame kuti sizinandiwawe.
Bambo uja wa lole anandidutsa akutsimphina,
anatenga pepala, nati zikomo,
osadziwa kuti ngongole yawo ndimailoweza pamtima.

Lolemba ndinapeza mwala pa desiki,
wobiriwira, wolemera kuposa msinkhu wake,
pansi pake kapepala ka dzina lalitali
limene lilime langa silingakwere.
Lindqvist akanalitchula osaphethira.

Ndinatseka chitseko.
Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaunyambita.
Unkamveka ngati kobiri yakale,
ndipo sunandiuze kanthu.

Ndinauika pamwamba pa mafomu kuti asauluke.
Pazenera panali pataima kale nsapato zina,
zatsopano, zingwe zosamanga,
zikupita, zikubwerera,
zisanasankhe kukwera kapena kutsika.