Kalilole wa ku Limbe

Miyezi isanu ndinameta mitu ku Chiputula,
chenji chonse ndikuponya m'chitini cha mkaka,
poti anthu anatopa kudziona diso limodzi, khutu limodzi,
m'kagalasi ka njinga yamoto
kamene ndinakoloweka pa msomali.

Yotamu, msuweni wanga, ndiye anakamugula ku Limbe,
kalilole wolekeza m'chifuwa mwa munthu wamtali.
Anamukulunga m'bulangete la mwana wake,
nyuzipepala zakale, makatoni awiri,
selotepi mpaka mpukutu kutha,
nalemba mbali zonse ndi inki yofiira:
CHOSWEKA. GWIRANI BWINO CHONDE.
Pa foni anati, "Ndamuveka ngati khanda lopita ku sikelo."

Ndinafika pa depoti kusanache,
nkhungu itameza Katoto yense,
kukuwaza kamvula kathu kaja kosawerenga kalendala.
Basi inalowa ikununkha dizilo ndi tulo ta anthu.
Mnyamata wa jekete lobiriwira anaitsegula pamimba.
Thumba la kachewere wa ku Jenda, phi!
Belo la kaunjika, phi!
Kenako katoni yanga.
Anaisolola pansi pa injini ya chigayo
naiponyera mnzake
amene maso ake anali pa foni.

Sipanamveke chiphokoso ayi.
Kanali kamawu kakang'ono,
ngati supuni yogunda kapu m'nyumba ya eni.

Mayi wa pa windo anandilozera ndi cholembera
timalemba ta kuseri kwa lisiti, tonga nyerere:
katundu akasweka, kampani sizikuikhudza.
"Mukanamufungata nokha pamiyendo, bambo.
Wotsatira!"

Pa kabaza, njira yonse ya ku Chiputula,
katoni inkalira wayawaya kumsana kwanga.
Nditamasula ndinapeza zidutswa zikuluzikulu zitatu,
zinazo mchenga wonyezimira.
Zitatuzo ndinazimata pa thabwa.
Ntchito siyembekeza mtima kuti upole.

Loweruka masana analowa wopanda jekete lija.
Ine ndinamudziwa. Iye ayi.
Anati dzina lake ndi Fumbani,
ndimuchotse lonse, mpala, kuti thukuta lisamasunge fumbi.
Nditamumanga nsalu m'khosi ndinaona phewa lake:
chikopa chakuda, chokhakhala ngati chidendene,
pamene pamatera matumba a anthu.
"Basi zinayi usiku umodzi, akulu,
amatilipira pa mutu wa katundu,
ukachedwa dalaivala amaliza hutala."
Makina asanafike pa liwombo
munthu anali atayamba kusinza.

Mawu ndinali nawo.
Ndinawanola masiku anayi, usiku ndi usana,
ndipo lezala linali m'dzanja langa, pafupi ndi khutu lake.

Anadzidzimuka, nayang'ana kutsogolo, naseka:
"Galasi lanuli bwanji, akulu?
Ndili ndi mphuno ziwiri,
pakamwa pathawira uko!"

"Linagwa pa ulendo," ndinatero.

Ndinaugwira mutu wake ndi manja onse awiri,
kuutembenuza pang'onopang'ono,
kupinda khutu mofatsa kuti lezala lidutse,
monga momwe inki yofiira ija inapemphera.
Sindinamucheke ngakhale pang'ono.
Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kukhululuka
kapena kungozolowera kwa dzanja.

Analipira ndalama zonyowa, zopindapinda,
natuluka akusisita mpala wake mu mphepo.

Tsopano latsala bulangete.
Ndalikutumula katatu kuseri kwa shopu
koma likandithwanimira padzuwa
ndimapezabe timinga ta galasi mu ulusi.
Yotamu waimba dzulo: ku Limbe kwazizira,
mwana akufunda chitenje cha mayi ake.

Ndalichapa, ndalipinda, ndalimanga m'jumbo.
Cholembera chili m'manja,
ndipo sindikudziwa choti ndilembepo.
Basi yake ndi yomweyo,
inyamuka mawa madzulo.