Bondo la Kumanzere

Miyezi itatu ndinkanamizira bondo langa.
Ndikaponda kilachi pamwamba pa milu ya mchenga ya ku Genipabu,
alendo atatu akukuwa kumbuyo kwanga,
mwendo unkanjenjemera
ngati ndikukankha chitseko chotupa ndi mvula.
Ine ndinati ndi ukalamba.
Edileuza, mkazi wanga, anati ndi mowa.

Lachiwiri pamtsetse chopondera chinangoti gwe,
n'kupendekeka ngati dzino logwedera.
Giya anakana kulowa.
Alendo anatsika wapansi, nsapato kumanja,
ndalama ndinabweza.

Jucilene, mwana wa mlongo wanga, za bondo sanafunse.
Analowa chagada pansi pa bagi, tochi kukamwa,
n'kumasula nati yamapiko pafupi ndi giyabokosi.
"Kokani waya, amalume."
Anabwera monyinyirika wayayo,
nsambo zake zoduka zitaima ngati ndevu za masiku anayi,
girizi atasanduka matope a mchenga ndi mchere.

"Uyu sali yekha," anatero.
Mabawuti awiri, ndipo zopondera zonse zinazuka pamodzi.
Anandionetsa ngowe yomwe waya amakolekapo:
yadyeka, yang'aluka m'khosi,
yatsala kupyapyala ngati chikhadabo.
Zaka zonsezi kachitsulo aka ndi kamene kankamva
kulemera kwanga konse, mumdima,
osadandaula.

Kenako analoza kapaipi kakumbuyo.
"Aka anakawongola ndani?
Kamafuna kukhota pang'ono, kakhale ngati kagwa ulesi.
Kakaima njo, kilachi imalumpha."
Ndinakawongola ndine chaka chatha, ndikuti ndikukonza.
Ndinayang'ana kunyanja.

Genival wowotcherera anafuna ndalama yomwe ndimapeza pa maulendo awiri.
Tinakangana, ndinalipira.
Waya watsopano tinamupaka girizi ndi manja,
Jucilene akumulowetsa pang'onopang'ono mu paipi,
ine nditagwira chopondera chilili
kuti diso la waya lisavuke pangowe.
Linavuka kawiri. Kachitatu anatukwana, linagwira.

Anamanga nati, kudina kumodzi, kuwiri,
mpaka chopondera chinayamba kusewera
danga la chala chimodzi chisanalimbe.
"Pondani."

Ndinaponda ndi mphamvu ya miyezi itatu ija,
phazi linangoti phwa pansi,
ndinatsala pang'ono kumenya chibwano pachiwongolero.
Anaseka mpaka tochi inagwa mumchenga.

Mawa ndili ndi alendo nthawi ya seveni.
Bondo likuwawabe, koma pang'ono.
Edileuza sindinamuuze.