Chitsulo cha ku Chigafa

Ndinachipeza kuseri kwa chigafa chakugwa
pa esiteti ina m'njira ya ku Lifupa,
chitagona chammbali ngati ng'ombe ya chigodola,
nkhuku zikuikira mazira m'mimba mwake.
Anyamata ogula zitsulo anali atachiyeza kale ndi maso.
Ine ndinawonjezera matumba awiri a soya.

Ng'ombe za a Kanyundo zinapuma kanayi panjira.
Titafika ku Chankhanga, Nasimango anaima pakhomo,
manja m'chiuno:
"Feteleza wa chaka chino ndi ameneyu?"
Ndinangoti gwira uko, tikankhe.

Mwezi wathunthu khonde linanunkha parafini.
Mabawuti ena anamvera msanga,
koma limodzi, la pansi pa tebulo,
linakana masiku asanu ndi anayi.
Ndinalimwetsa oyilo wakuda,
ndinalimwetsa kokakola wa mwana,
ndinaliwotcha ndi makala, ndinalitukwana,
kenako ndinalipempha mwaulemu.
Linagonja Lachinayi m'mawa
ndi kulira kumodzi kokha, kwiii,
sipanala itandisenda kale zala.

M'katimo munali mudzi:
chisa cha makoswe, makoko a chalimbana,
nyumba za mavu zitatu,
batani la ovolosi,
ndi utuchi wouma gwa ngati chigumu chagonera,
wa mitengo imene inagwa ine ndisanabadwe.

Lamba ndinakapempha ku chigayo.
Beringi inabwera pa minibasi ya ku Lilongwe,
kondakitala ataisunga m'thumba la malaya,
ndipo kawiri konse inali yosakwana.

Dzimbiri litachoka kunatuluka zilembo,
dzina la mzinda wakutali
limene lilime langa limapunthwa nalo.
Pansi pake wina anakanda ndi msomali:
YOTAMU.

Tsiku loyatsa ndinasamba, ndinaitana aneba.
Chala chili pa swichi,
magetsi thi!
Anabwerera kwawo akuseka chamumtima.
Anayaka usiku tambala asanalire,
ndinadzuka ndi kabudula yekha,
chitsulo chinatsokomola, chinanjenjemera,
kenako chinabangula,
agalu a Chankhanga yense n'kuyankha.
Koma thabwa linatuluka ndi mizeremizere
ngati msewu wafumbi mvula itatha.

Kutacha, mlonda wa pa golosale,
akupita kwawo ndi chibonga kukhwapa,
anaima pa mpanda, khutu atalipendeketsa.
"Mpeni wachiwiri wakwera," anatero,
asanaone ngakhale mtundu wa makinawo.
Ndinafunsa, mwadziwa bwanji, bambo?
Anakweza dzanja lamanja.
Zala zitatu.
"Ziwirizo zinatsala m'menemo,
chaka chimene fodya anagulidwa bwino."

Sanachitukwane.
Anachisisita pamsana monga uchitira
ndi galu amene anakulumapo kale.
Anapempha kagalasi kosweka
ndi kapepala kopichirira chingambwe,
nakhazika mipeni itatu ija umodziumodzi,
diso limodzi atatsinzina,
mpweya atausunga m'chifuwa.
Ine, mwini wake, ndinkangopatsira sipanala.

Tinalowetsa mlombwa wakale,
wotuwa, wa mabala a misomali.
Unatuluka mbali inayo wofiira,
wosalala ngati tsaya la khanda,
fungo lake likulowa mpaka kuchipinda.
Nasimango anayendetsapo chikhatho kawiri
osandiyang'ana.
"Muyambe chitseko cha kubafa.
Chiguduli chija chandikwana."

Ndalama a Yotamu anakana.
Amangobwera Loweruka magetsi akakhalapo,
n'kukhala pa chitini cha penti pakona,
tulo ta ulonda tili m'maso,
kumvetsera.
Thabwa likamalowa milomo yawo imayenda,
sindidziwa ngati akuwerenga kapena kupemphera.
Ndikasendeza dzanja pafupi ndi mipeni
amakhosomola kamodzi,
ine n'kubweza.
Manja awo onse awiri
amakhala m'matumba a jekete
mpaka nditazimitsa.