Moto Wosawotcha

Magetsi azimanso pa M'baluku.
Makina owotcherera ali zii,
geti ya a Bwanali yatsala theka, yatsamira mtengo wa nimu.
Ndakhala pa tayala lakutha, thukuta likutsikira m'khosi,
foni m'manja, galasi lake long'aluka kuchokera pakona.

Sakina watumiza mawu.
Mphindi zisanu zathunthu,
mwana amene kusukulu ankayankha aphunzitsi ndi mutu wokha.

"Ababa, ndakwera sitima usiku wonse
kupita kumpoto kwa kumpoto,
kumene mwezi uno dzuwa silituluka n'komwe,
limangofiiritsa msana wa phiri
ngati mlendo wosuzumira pakhomo n'kubwerera.
Ndafunsa mnzanga kuti swala ya m'mawa tiswali nthawi yanji,
waseka, wandiloza wotchi."

Ndaimitsa kaye.
Ndayang'ana dzuwa lathuli
lomwe lafewetsa phula pamsewu wa ku Namwera,
ndaliuza kuti: kwina anthu akukusowa,
iwe uli pano kuwotcha amphawi.

"Usiku woyamba, mitambo yokhayokha.
Taima pachipale maola anayi, zala zafa,
ndalama za masabata atatu otumbula nsomba m'fakitale
zapita, ndaona mdima."
Kutumbula nsomba!
Yemwe kuno ankatseka mphuno podutsa pamsika.
Ndafuna kumukalipira, koma mawu ake sanathe.

"Usiku wachiwiri dalaivala wagogoda pawindo:
tulukani, tulukani!
Ababa, chitenje.
Chitenje chobiriwira chayanikidwa kumwamba popanda chingwe,
mphepo yosamveka ikuchikupiza,
mpendero wake wofiirira ngati khungu la biringanya.
Chapindika, chatambasuka, chang'ambika pakati, chadzisoka chokha.
Ndipo phokoso ayi.
Moto waukulu chotere, osathetheka ngakhale pang'ono."

Kuwala ndimakudziwa ine.
Zaka makumi atatu ndakhala nako mphuno ndi mphuno.
Masana kumakusekerera,
usiku n'kukuthira mchenga m'maso,
mayi ake a Sakina ankandiika nsalu yonyowa pankhope
ine ndikubuula ngati ng'ombe.
Diso lakumanzereli linasanduka nkhungu kalekale,
ndi lomwe linalipira fizi, pasipoti, ndi theka la tikiti.

Ndiye ndadina, ndayankha ngati bambo:
usayang'ane popanda galasi lakuda, wamva?
Yankho labwera msanga, kuseka kokhakokha,
kenako: "Uwu suwotcha, ababa."

Watumizanso kanema.
Kachizindikiro kazungulira, kazungulira,
bando yanga yathera panjira.
Zomwe zafika ndi banga lobiriwira
ngati ndere pansi pa mlatho wa Shire,
mng'alu wa foni ukulidula pawiri,
ndi masekondi atatu a mpweya wa mwana wanga,
akupuma mothamanga, akuti "mayo ine" kwa thambo la eni.
Ndabwereza kakhumi.
Banga silinandiuze kanthu.
Mpweya uja ndiwo ndaumva.

Kabaza wadutsa ndi mbuzi kumbuyo.
Wa madzi ozizira wafuula, madzi ake ofunda.
Sindidzafikako.
Chiponde ndiye malire akutali omwe mapazi awa anapondako,
ndipo ndinabwerako tsiku lomwelo.

Cha m'ma folo wailesi ya pagolosale yadzuka yokha,
ana akuwa: abwera! abwera!
Twaibu wakoka waya, wandipatsa ndodo.
Ndatsitsa chigoba kumaso, dziko lada bii,
ndakhudza chitsulo.

M'kati mwa galasi lakuda
kuwala kwabadwa kobiriwira,
utsi ukukwera, ukupindika, ukutambasuka.
Zaka zonsezi ndimangoyang'ana msoko,
osaona mtundu.

Ndachedwa pamalo amodzi.
"Bwana," watero Twaibu,
"chitsulo chibooka."